Mipando ya kuchikazi

Mwana wa achemwali anga ndinamulera ndine ku Gaithersburg mpaka anamaliza sukulu ya unamwino. Atandibweretsera mnyamata wa ku Bowie, mphunzitsi, wakuda wobadwira ku America konkuno, ndinalulutira mpaka aneba anagogoda khoma. Bambo ake a mwanayo kumudzi anavomera pa foni, koma anaikapo mawu amodzi: “Alamu, popanda ankhoswe umenewo si ukwati, n’chibwenzi chabe.” Achimwene anga, amalume ake a mwanayo, anawakaniza viza. Ndiye panafunika bambo wa kwathu woti aimire kuchikazi.

Ndinkayesa n’zosavuta. Chaka cham’mbuyo mwake mwana wa mnzathu wa kutchalitchi anakwatiwa ndi mzungu wa ku Fairfax, ndipo azibambo anachita kulimbirana unkhoswe, wina mpaka anakwiya n’kusiya kwaya. Tinavina tsiku limenelo, nane ndinavina, sindikana.

Woyamba kumupempha anakanda m’mutu. “Mayi, anthu amenewa sitiwadziwa mtundu wawo.” Ha! Nanga mzungu uja munkadziwa mudzi wa agogo ake? Wachiwiri anati ali pa shifiti, chonsecho tsiku ndinali ndisanatchule. Wachitatu, mkulu wa mpingo amene ndinkamulemekeza ngati bambo anga, anandiuzira poimika magalimoto, akupukuta magalasi ake.

“Akanakhala mzungu bwenzi tikuti mwana wagwa pabwino. Koma awa, mayi, mawa lomweli mumva kuti ali m’ndende.”

Ndinayang’ana mkono wake, wakuda kuposa wa mkamwini wangayo. Mtima unandiwira.

“Bambo, wapolisi akakuimitsani pamsewu, amayamba wafunsa ngati ndinu a ku Dedza?”

Analowa m’galimoto n’kutseka chitseko, ndipo pofika Lamulungu linalo mpingo wonse unali utamva kuti ndatukwana mkulu. Zinandinyansa, ndipo zimandinyansabe. Anthu oti timakhalira kusambitsa nkhalamba za eni tsiku ndi tsiku, tinapeza pati mtima woyang’anira pansi mphunzitsi?

Ndinati basi, nkhoswe ndikhala ndine, ndekhandekha. Alamu anga anang’ung’udza pa foni kuti mkazi yekha sizichitika, kenako anagonja. Mwanayo sindinamuuze zomwe zinayankhulidwa, koma sanali wopusa. Anayamba kundifunsa pafupipafupi ngati akutchalitchi alandira makadi owaitanira ku chinkhoswe.

Kuchimuna kunalibe vuto. Amalume ake a mnyamatayo, mkulu wopuma pa ntchito yoyendetsa basi, anabwera kwanga ndi kope. Nditawafotokozera kuti nkhoswe ndi munthu amene amaitanidwa banja likavuta, ngakhale patapita zaka, analemba zonse n’kufunsa ngati tambala wopereka pa mwambo ayenera kukhala wamoyo. Anakamusaka ku famu ina kutali, n’kumusunga m’galaja masiku atatu, akulira m’mawa uliwonse.

Chinkhoswe chinachitika Loweruka masana, pakapinga kuseri kwa nyumba ya makolo a mnyamatayo. Mipando tinaiika mbali ziwiri monga mwa mwambo. Kuchimuna kunadzaza, ena anachita kuimirira, amayi atavala zipewa zawo zikuluzikulu zakutchalitchi. Kuchikazi ndinali ine, thadzi m’katoni, ndi anzanga awiri a kuntchito, wina wa ku Philippines wina wa ku Ethiopia. Kumbuyo kwathu mizere ya mipando yopanda anthu inangoti mbee! Mmalawi ngakhale mmodzi, ayi ndithu. Ndinachita manyazi oti nthaka indimeze.

Amayi ake a mkwati anabwera n’kundifunsa chapansipansi ngati tikudikirabe anthu. Ndinawauza zoona, kuti palibenso amene akubwera. Anayang’ana mipando ija kanthawi. Kenako anakatenga chikwama chawo, n’kudutsa pakapinga, n’kukhala kumbuyo kwanga. Azichemwali awo anatsatira, kenako amuna awo, kenako ana, mpaka mbali ya mwana wawo weniweni inayamba kuoneka mipata.

Anzanga aja anakatulutsa mkwatibwi m’nyumba atamufunditsa chitenje kumutu mpaka kumapazi, akuyenda mopapasa. Nditayandikira kuti ndimuvundukule, anandigwira dzanja pansi pa nsalu.

“Amayi,” ananong’ona, “kwathu kuli anthu?”

“Kwadzaza, mwana wanga,” ndinatero, n’kuchotsa chitenje chija.