Ndinadulitsa Khofi wa a Sichali

Inu owerenga, ine ndinadulitsa khofi wa munthu wosalakwa. Chikwanje sindinachigwire, kumundako sindinaliko, koma wochititsa ndine. Ndikulemba izi chifukwa ndatopa n'kuzisunga mumtima, komanso kuti wina amene amagwira ntchito ngati yanga asadzachite uchitsiru umene ndinachita.

Kwathu ndi ku Zomba, koma ntchito inanditengera ku Chitipa, ku bungwe lina la alimi a khofi a ku Misuku. Ofesi yathu inali pa boma. Ogula akunja anayamba kufuna umboni woti khofi wathu sanalimidwe pamalo ogwetsa nkhalango. Choncho alangizi ankayenda munda ndi munda ndi tabuleti, kuzungulira malire, akujambula zithunzi ndi vidiyo. Mlimi aliyense ankakhala ndi fayilo yake, ndipo mafayilowo ankatumizidwa m'nkhokwe ya pa intaneti, ija amati kilaudi. M'menemo munali pulogalamu imene inkatsegula yokha fayilo iliyonse, kuwerenga dzina la mlimi ndi malire a munda wake, n'kumulemba mu kaundula. Amene walowa mu kaundula ndiye kuti munda wake wavomerezeka. Ntchito yanga inali kuonetsetsa kuti pulogalamuyo ikuyenda.

Sabata ina inayamba kukakamira. Ikayenda pang'ono yaima, mzere wofiira pa kompyuta. Ndinaizimitsa n'kuiyatsanso kambirimbiri. Ndinanyoza netiweki ya ku Chitipa, ndinanyoza magetsi, ndinanyoza alangizi kuti sadziwa kugwira tabuleti. Tsiku lachitatu m'pamene ndinatsegula pomwe pulogalamuyo imalembapo zovuta zake, ndipo nkhani inali poyera. Mafayilo anayi anali aakulu kwambiri, moti nthawi imene pulogalamu inapatsidwa yotsegulira fayilo imodzi inkatha isanamalize. Ikalephera inkaima pomwepo, ena onse n'kumadikira kumbuyo ngati matumba pachigayo.

Mankhwala ake ndinkawadziwa bwinobwino. Kunali kuimbira bambo wina wa ku Lilongwe amene anatikonzera pulogalamuyo, kuti awonjezere nthawi kapena agawe mafayilowo. Koma bamboyo anali atandiyalutsapo pagulu, kundifunsa ngati maphunziro a kompyuta ndinawamalizadi. Ine ndi mtima wangawu, ndimuimbire ameneyo? Ndinati olo zivute bwanji. Panali kabokosi kena kouza pulogalamu kuti fayilo ikavuta izingoidumpha. Ndinachongamo. Posakhalitsa zofiira zonse zinabiriwira, abwana anandiyamikira, ine n'kumayenda mapewa m'mwamba. Ndinadziuza kuti anayi ajawo ndiwaona Lolemba. Lolemba linabwera n'kupita, ndipo sindinawaone.

Atatu mwa mafayilowo anali ongobwereza, otumizidwa kawiri. Yachinayi inali ya bambo wachikulire amene ndiwatchule kuti a Sichali. Munda wawo unayandikana ndi nkhalango ya Mughese. Podziwa pakamwa pa anthu, iwo anamugwira mlangizi tsiku lonse, kumujambulitsa mwala uliwonse wa malire kuchokera kumtsinje mpaka kumtunda. Kusamala kwawoko ndi kumene kunanenepetsa fayilo yawo.

Mndandanda wa mayina unakamatidwa pamalo pomwe alimi amaperekera khofi, ndipo pansi pake tinalembapo kuti amene sakuoneka, minda yawo sinatsimikizike. A Sichali panalibe. Tsoka lake, iwowa ndi amene ankadzudzula anthu odula mitengo mu Mughese, ena mpaka kukawanenera kwa a zankhalango. Anthu ajawo anapezerapo danga. Anati onani wolalikira uja, iye mwini analowa m'nkhalango kalekale, makina amugwira. Nkhani inakafika ku tchalitchi komwe anali mkulu wa mpingo, ndipo anawapempha kuti ayambe apumula kaye.

Tsiku lina m'mawa anatulukira mu ofesi, atavala jekete, fumbi la m'matola lili m'nsidze. Anandipatsa moni wa kwawo, mwaghona, ine n'kuyankha mopotoza monga ndinkachitira. Kenako anati, “Mama, dzina langa mulibe m'pepala lija. Nananga vichi?” Ankafunsa chimene analakwa.

Ndinafufuza dzina lawo mu kaundula, silinatuluke. Pomwepo kabokosi kaja kanandibwerera m'mutu. Ndinadziwa. Musaganize kuti ndinasokonezeka, ndinadziwa ndithu. Koma abwana anali ataima pakhomo akumvetsera, ndipo chimene chinatuluka pakamwa panga n'chakuti, “Dada, makina sanama. Ngati dzina mulibe, ndiye kuti pali vuto ndi malire anu.”

Anandithokoza kuti yewo mama, n'kuvala chipewa chawo. Ndinawaona pawindo akuwoloka msewu pang'onopang'ono. Ndikanatha kuwathamangira. Ndinakhala pampando n'kumadzinyengerera kuti ndikonza mwakachetechete, palibe adzadziwe. Ndinayesadi ndekha masiku otsatirawo, ndinalephera, koma foni ija sindinaimbe.

Patapita masabata awiri, bambo wa ku Lilongwe uja anaimba yekha. Anati chiwerengero cha mafayilo a m'nkhokwe sichikufanana ndi cha mu kaundula, kodi alipo wachonga kabokosi kodumphitsa? Ndinavomera, ndikudikira chipongwe. Sanandinyoze n'komwe. Anawonjezera nthawi ija tili pafoni pomwepo, anayendetsanso pulogalamu, ndipo tiyi wanga asanazizire dzina la a Sichali linali mu kaundula. Ndinatsegula vidiyo yawo. Anali akuyenda patsogolo, akuloza mwala ndi mwala, akupuma mwabefu pachitunda. Pakati pa khofi wawo ndi nkhalango panali mpata woti galimoto ikhoza kudutsa.

M'mawa mwake ndinakwera njinga yamoto ndi mlangizi kupita kwa a Sichali, mndandanda watsopano uli m'chikwama. Njira yonse ndinkakonza mawu, oti panali vuto la makina ndipo talikonza. Tinapeza akazi awo, a Nakayange, akusenda nyemba pakhonde. Anatitsogolera kumunda komwe kunali amuna awo.

Mizere isanu ndi umodzi ya kumtunda, yoyang'anizana ndi Mughese, inali zitsa zokhazokha. Nthambi zinali zitaunjikidwa pambali, zipatso zofiira zikufota pomwepo. A Sichali anadula okha atangobwera ku boma kuja. Anaganiza kuti ngati makina sanama, ndiye kuti maso awo ndi amene akhala akuwanamiza zaka zonsezi, ndipo sanafune kudya za m'nkhalango ngakhale mosadziwa. Mitengo imeneyo anabzala ndi manja awo, ndipo ndi imene inkabereka kuposa yonse.

Mawu ndinakonza aja anandithera. Ndinagwada pa zitsa pomwepo n'kunena zonse, za kabokosi, za mtima wanga, za bodza la mu ofesi. Ndinalira ngati mwana, mlangizi mpaka anatembenukira kumbali. A Sichali anamvetsera atatsamira khasu. Nditamaliza anati, “Mama, mukanangonena kuti simukudziwa, ine ndikanadikira. Ife alimi kudikira timakudziwa.” Kenako anati asandimvenso ndikupepesa kumunda kopanda anthu. Ndikanenere komwe anthu anawanenera zoipa.

Lamulungu lotsatira ndinaima kutsogolo m'tchalitchi mwawo, mlangizi akumasulira m'chilankhulo cha kumeneko. Ndinanena kuti munda wa a Sichali ulibe mlandu, wabodza ndine. Ndinakanenanso pamalo operekera khofi paja. Udindo wawo anawabwezera. Kuofesi anandipatsa kalata ya chenjezo, ndipo kunena zoona inandichepera.

Inu owerenga, makamaka inu amene mumakhala pa kompyuta n'kumasunga mayina a anthu, ndikukupemphani. Pulogalamu ikaima, werengani chimene yaimira, musaifunditse nsalu kuti abwana asekerere. Ikamaliza, werengani zimene zalowa ndi zimene zatuluka, muone ngati zikufanana. Chikakukanikani imbirani wodziwa, ngakhale akhale amene simumwerana naye madzi. Ndipo munthu akayenda ulendo wautali kudzakufunsani, musabisale kumbuyo kwa makina. Iye amakukhulupirirani, ndipo akabwerera kwawo amakachita zinthu potengera mawu anu.

Ndinawapititsira mbande za khofi, analandira, tinabzala limodzi m'mphepete mwa zitsa zija. Khofi amatenga zaka kuti ayambe kubereka. Nditapitako mwezi wathawu mbandezo zinali zitafika m'mawondo, koma a Sichali sanathe kukwera nane chitunda chija. Anandidikira pakhonde, ndipo nditatsika anandifunsa ngati zikukula bwino.