Supuni ziwiri za majarini

Ntchito yanga yoyamba ku Gaborone inali yophika. Anandipezera ndi mkulu wa mpingo, Mmalawi mnzanga, kunyumba kwa Rra Thabo (Rra ndiye kuti bambo m'Chitswana) ku Gaborone North. Ndinali nditaphika kale zaka zambiri ku Limbe, ndipo palibe amene anandibwezerapo mbale.

Rra Thabo ankagwira ntchito m'boma. Anali onenepa moti zingwe za nsapato ankawamangira ndi akazi awo. Shuga ndi mawondo zinkawazunza. Ankafuna opaleshoni yochepetsa chifu, koma a inshulansi ya zachipatala ya ogwira ntchito m'boma anati ayambe aona kuti akutsata zakudya zimene dokotala walemba, ndiponso kuti thupi layamba kutsika.

Akazi awowo, Mma Thabo, anamata pepala la dokotalayo pafuriji, nandipatsa sikelo yaing'ono ndi kasupuni koyezera mafuta. Nkhuku yowiritsa, yochotsa khungu. Masamba opanda mafuta. Phala la mapira, kapu imodzi.

"Madala, chilichonse chidutse pasikelo," anatero.

Ndinavomera pakamwa pokha. Kwathu bwana akaonda, anthu amaloza wophika. Nditaona kolala ya shati ya Rra Thabo ikukhwepa, mtima unandiwawa. Ndinayamba kuthira majarini supuni ziwiri m'phala, mafuta m'masamba, nyama osayeza. Rra Thabo ankanyambita zala.

"Madala, chakudya cha odwala mumachikometsa bwanji chonchi?"

Ine ndinkanyada.

Tsiku lokayezedwa anabwerako masana. Thupi linali litabwerera pakale. Pempho la opaleshoni linaimitsidwa, a inshulansi anawauza kuti akayambirenso. Mma Thabo anakalipa pabalaza: "Mumadya mandasi kuntchito inu! Musandinamize!" Bambo wamkulu uja analumbira, kulumbiranso, kenako analira. "Ndayesetsa, Mma. Kaya thupi langali ndi lotani."

Ine ndinali chiimire pakhomo la khitchini, thireyi ya tiyi ili m'manja. Ndinaika tiyi patebulo n'kubwerera.

Ndinaulula patapita masiku anayi. Sanandichotse ntchito. Rra Thabo anandiyang'ana n'kufunsa, "Madala, mumadyetsa ine kapena dzina lanu?"

Opaleshoni inadzachitika mochedwa. Bondo lakumanzere silinadikire. Mpaka lero amayendera ndodo.

Ndaphikira mabanja ena atatu chichokereni kumeneko. Pepala la dokotala likakhala pafuriji, ndimaphika zimene zalembedwa basi. Chakudya chikazizira mkamwa, anene kuti madala satha kuphika. Ndimapirira. Thupi ndi la mwini wake.