Tsiku limene sindinaone chipembere

Anthu akandifunsa ngati ndinachionapo chipembere, ndimayankha kuti ndinaima nacho pafupi. Sindinama. Kungoti maso anga anali pa zala za kumapazi.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, malire a kutsidya kwa Zambezi ali otseka, alendo oona malo atachepa mu Livingstone. Amuna anga ankayendetsa kabasi kotenga alendo ku bwalo la ndege, ndipo masiku ambiri kankangokhala padzuwa. Apongozi anga atabwera kuchokera ku Katete kudzaona mdzukulu, amuna anga anapempha kabasiko kwa abwana awo kuti Loweruka tipite ku paki ya nyama. Ankafuna kuti amayi awo akasimbe kumudzi kuti mwana wawo ndi munthu.

Ine ndinali ndi nkhani yomwe sindinauze aliyense. Mwana wanga anali akuyamwabe, asanayambe n'kuyenda komwe, koma ndinali nditaima kale. Kwathu amati kutumbiza, ndipo amene amalozedwa chala pachitsime ndi mkazi. Ngakhale bambo ake ndinali ndisanawauze, pakamwa pankandilemera. Tsono anamkungwi anandilangiza ndili mtsikana kuti mayi wapakati asayang'anitsitse chinyama chonyansa, mwana amatengera nkhope. Sukulu ndinalekezera giredi folo, koma phunziro ili lokha ndinaligwira.

Ndikanakana kupita, akanandifunsa chifukwa. Ndinangobereka mwana n'kukwera.

Pachipata panakwera mlonda wa nyama, bambo wa ku Mongu, mfuti ili paphewa. Tisanapite patali anagogoda windo.

"Bamayo, yang'anani uko. Ni njili na bana bake."

Pa nyama zonse za Mulungu, tiyambe ndi njiri. Ndinawerama n'kuyamba kukonza chipewa cha mwana. Titafika pa anyani ndinachikonzanso. Pa njati ndinachivula n'kumuvekanso, mpaka mwanayo anatopa nane n'kuyamba kulira.

Kenaka kabasi kanaima, mlonda n'kutiuza kuti titsike tiyende pang'onopang'ono kumbuyo kwake, osalankhula mokweza. Titazungulira katchire anaima. Ndinamva chinthu chikupuma ngati mvukuto, chikuzula udzu, fungo lake ngati la khola. Ine maso pansi.

"Imwe bamake mwana," anatero mlonda monong'ona, "bazungu bamakwela ndeke kubwela kuona ici. Imwe muyang'ana nsapato? Nsapato muzaona kunyumba."

"Kodi ndapempha galimoto kuti mudzaone nyerere?" anawonjezera amuna anga, mawu akutuluka m'mano. "Mukundichititsa manyazi pamaso pa amayi."

Misozi inali pafupi. Apongozi anangosuntha n'kudzaima patsogolo panga, n'kumasula chitenje chawo chapamwamba, n'kuchitambasula ngati akuchimanganso. Anachimanga nthawi yaitali ndithu. Pakati pa ine ndi chipembere panali maluwa a chitenje basi.

"Musiyeni mwana wa eni, dzuwa lamulasa," anatero.

Pobwerera anasiya mpando wakutsogolo umene mwana wawo anawakonzera, n'kudzakhala pambali panga. Injini italira, anandiyandikira kukhutu.

"Miyezi ingati?"

Ndinaonetsa zala ziwiri pansi pa mpando. Ndinadikira kuti andikalipire. Iwo anayang'ana nkhongo ya mwana wawo kwa kanthawi.

"Mimba siilowa ngati chimfine. Mwini mimbayo ndithana naye madzulo. Uyu akuyendetsayu ndi mlongo wake sanasiyane ndi chaka n'komwe, ukuona ngati anthu akukumbukabe?"

Msewu unadzera m'mbali mwa mtsinje. Apongozi anandigwira chibwano n'kundidzutsa mutu. Pamwamba pa mtengo wouma panatera nkhwazi, chifuwa chili mbee, yomwe ija ndinkaiona pa mbendera. Inapendeketsa mutu chagada n'kulira, mawu ake kumveka mpaka kutsidya.

"Iyo ndiye uyang'ane mpaka ukhute," anatero. Ndinaiyang'ana mpaka khosi linawawa.

Madzulo ake ndinali kubafa pamene apongozi anaitanira mwana wawo kuseri kwa nyumba. Zomwe anamuuza sindinamve, koma mawa lake anakaima yekha pamzere wogula sopo ndi saladi, mafuta ophikira aja, osatumidwa.

Mwanayo anabadwa wamkazi, nkhope yosalala, yopanda nyanga. Koma akati alire, theka la komboni yathu ya Dambwa North linkadziwa kuti wadzuka. Apongozi atabweranso n'kumumva, anagwedeza mutu.

"Ndinati uyang'ane," anatero, "koma iwe unanyanya."