Mapazi a Mayi Wrobel, Zala za Mayi Pelletier

"Ine chipatala ndimangochionera pa TV," ankatero Mayi Pelletier akukonza maluwa a paguwa. Owamva ankangogwedeza mutu, podziwa kuti mankhwala a mtima amakatenga kutauni ina.

Koma mbiri ino ndi ya Mayi Genowefa Wrobel, ndipo zimenezo zokha ziwapweteka Mayi Pelletier.

Mayi Wrobel anakulira kuno ku Thunder Bay, mwana wa wonyamula tirigu kudoko, ndipo Misa sankaphonya ngakhale chipale chofewa chifike m'mawondo. Amuna awo anadzicheka pang'ono kuntchito, nkunena kuti kabalako kapola kokha. Tizilombo ta sitirepu, tomwe tija ta zilonda zapakhosi, tinalowa m'magazi, bambowo nkupita. Kuchokera apo mayiwo ankasambitsa mapazi a anthu ogona m'misewu, m'chipinda chapansi pa tchalitchi. Akaona bala lofiira ankalizunguliza ndi cholembera. "Kufiira kukadumpha mzere, thamangani," ankatero.

Ansembe ankawatchula paulaliki. Mayi Pelletier, zaka zonsezo ali ndi maluwa, sanatchulidwepo. "Mapazi aliyense ali nawo," ankang'ung'udza.

Sabata yobwera a Bishopu, munga wa rozi unawabaya Mayi Pelletier. Kabala kochepa, ululu ngati moto, thupi kutentha. Anabisa dzanja m'golovesi kuopa kuti maluwa angapatsidwe wina.

"Vulani tione," anatero Mayi Wrobel.

"Ndine wa m'misewu ine?"

"Tizilombo sitifunsa adiresi, amayi."

Golovesi itavulidwa, Mayi Wrobel analemba mzere kuzungulira balalo. Pemphero la Kolona lisanathe, kufiira kunali kutadumpha. Anawakokera kuchipatala, Mayi Pelletier akukalipa njira yonse. Madokotala anapulumutsa moyo ndi mkono, zala ziwiri zinatsala komweko. Maluwa anakonza Mayi Wrobel, a Bishopu nkuwayamikira. Pa zonsezi, Mayi Pelletier anakumbukira maluwawo. Zikomo sanamunene.

Chaka chino Mayi Wrobel anatisiya mwamtendere, ali m'tulo, sabata ya Pasaka. Koma Lachinayi Loyera, tsiku la mwambo wosambitsa mapazi, anali atabwera kutchalitchi pa njinga ya olumala. Ansembe atafika ndi beseni pa mapazi awo, Mayi Pelletier anawalanda thaulo, nagwada mpingo wonse ukuona, nasambitsa mapaziwo ndi zala zitatu.

"Zikomo, Genowefa," anatero mokweza, kuti asadzabwerezenso. "Koma maluwa aja anali opendama."

"Ndinaona, amayi. Fikaninso pakati pa zala."