Tsaya la Tiyanjane

Lachitatu. Ndadzuka ndi manyazi, ngakhale palibe amene wandinena. Dzulo pa asembule ndinaona Tiyanjane, mnzanga wa ku pulayimale ku Kasenengwa, ali pamzere wa Giredi 9, pamene ine ndili Giredi 11. Anandimwetulira. Ine ndinayang'ana nsapato zanga.

Ndikukumbukira tili Giredi 6, nyengo yokumba mtedza. M'kalasi munkangonunkhira mtedza wophika, makoko ali mbwee pansi pa madesiki. Aphunzitsi athu, a Phiri, atatopa nazo, anandiitanira pambali n'kundiuza kuti ndizilemba mwachinsinsi mayina a odya m'kalasi, kapepalako ndizikasiya m'rejisitala. Ntchitoyo ndinaikonda mopitirira, mpaka ndinkajambula mizere ndi rula.

Tsiku lina ndinaona tsaya la Tiyanjane litatundumuka. Tinkakhala desiki imodzi, koma sindinamufunse, ndinangolemba. A Phiri anamuimika kutsogolo. Iye anati m'kamwa mulibe kanthu.

"Lavula, mwana iwe, tsaya si nkhokwe," anatero a Phiri.

Kalasi yonse inafa nacho chiseko, ine ndemwe. Tiyanjane anasesa makoko sabata yathunthu, ndipo anzathu anayamba kumutchula kuti Nkhokwe. Pobwerera kunyumba anandifunsa maso ali ofiira: "Mnzanga, amene akundilembayo ndinamulakwira chiyani?" Ndinati sindikudziwa. Ndinamulembanso kawiri, poopa kuti ndingaoneke ngati poyamba paja ndinanama. Kachitatuko a Phiri anasuzumira okha m'kamwa mwake. Sanapezemo mtedza, ndipo analemba kalata yopita kwa amayi ake.

Kukiliniki anamuzula dzino, koma tsaya linapitirira kukula mosapweteka, mano ena n'kuyamba kugwedera. Kuno ku Chipata anamujambula nsagwada, n'kudula kanyama kukakayeza ku Lusaka. Amayi ake anauza amayi anga pachitsime kuti si khansa, koma chotupa chomera m'kati mwa fupa, chimene chimalidya ngati anankafumbwe m'chimanga. Sichithamangira kwina m'thupi, koma ukasiyako kachidutswa chimaphukanso. Ndiye madokotala anachotsa mbali ina ya nsagwada n'kuikapo fupa la kumwendo kwake. Zaka ziwiri za sukulu zinathera pamenepo.

Nthawi imeneyo tsaya lotupa tinkangolidziwa kuti ndi dzino kapena dyera. Lero ndimatha kujambula nsagwada m'kope la Bayoloje n'kutchula mafupa ake, koma mawu atatu okha, oti "wolemba anali ine", akundikanika pakamwa.

Madzulo ano Tiyanjane wanditumizira uthenga kudzera kwa mtsikana wa m'kalasi mwake, woti wasangalala kupeza munthu wakwawo amene sanamuchitepo chipongwe. Mawa pa buleki ndikamufunafuna, ndikakhala naye kuseri kwa laibulale, ndipo ndikamuuza kuti wolemba dzina lake anali ine. Akakwiya, akwiye. Ndikakhala pomwepo mpaka amalize kulankhula.