Masiku Amene Bambo Ankathawa Dzuwa

Bambo anga atakalamba anayamba kukangana ndi zitseko. Ankati felemu ya chitseko cha nyumba yathu ku Malota yapindika, mpaka anaitanitsa kalipentala, yemwe anayeza n'kupeza kuti ili bwinobwino. Mizere ya m'buku lawo la nyimbo itayambanso kupindika, ndinapita nawo kwa dokotala wa maso ku Lusaka.

Dokotalayo anati kuseri kwa diso lawo lakumanja kwamera timitsempha ta magazi tosafunika, ndipo tikuchucha. Anawabaya mankhwala pamkono, n'kudikira kuti afike m'diso, kenako anawaunika m'disomo ndi kuwala kofiira kosatentha. Kuwalako ndi kumene kumadzutsa mankhwalawo kuti atseke timitsemphato. Koma anatichenjeza kuti mankhwalawo akhala m'thupi lonse kwa masiku angapo, ndipo dzuwa likawaomba, khungu lipsa.

Unali mwezi wa Okutobala. Tinafika kwathu ku Livingstone masana dzuwa likuswa mtengo, bambo atavala jekete yawo yopitira kumaliro, magolovesi, chipewa chachikulu ndi magalasi akuda, chitenje cha amayi atachikulunga mpaka pamphuno. Neba wathu, amene amagulitsa ziboliboli ku mathithi a Mosi-oa-Tunya, anationa pageti n'kuganiza kuti ndabwera ndi mlendo wodzaona mathithi. Anathamangira m'nyumba mwake, n'kutuluka ndi mvuu yosema, n'kuyamba kuitsatsa m'Chingelezi. Bambo anamulekerera, akugwedeza mutu mwaulemu. Kenako anailandira mvuuyo n'kuitembenuzatembenuza.

"Ba neba," anatero mawu akutulukira m'chitenje, "iyi si mvuu, ni nkhumba."

Nebayo anaseka mpaka kukhala pansi.

Masiku otsatira ndinasanduka mlonda. Bambo sankatha kukhala m'nyumba. Ankati akufuna kukaona ngati mapapaya apsa, kapena amva wina akuitana pageti. Nsapato zawo ndinazibisa pamwamba pa kabati. Anzawo a nsolo atamva, anabwera ndi bolodi lawo n'kumasewerera pabalaza, amayi akudandaula ndi phokoso.

Diso silinabwerere mwakale. Kachidima kapakati kanatsala, koma kanaleka kukula, ndipo nkhope za adzukulu ankazizindikirabe. M'mawa umene analoledwa kutuluka, ananyamula okha mpando n'kuuika pakati pa bwalo, n'kukhala atakwinya manja a malaya. Tiyi asanazizire n'komwe, anandiitana kuti ndiwathandize kuubwezera m'nyumba. Anati kunja kukutentha kwambiri.