Keyala ya Positi Yakale

Ndinali nditasolola makalata m'timabokosi tisanu pamene mayi wosamalira nyumbayo anandigwira mkono.

"Bambo, zimenezo sitigwira."

"Ndikufuna kalata yanga."

"Yanu?"

Nyumbayo ili m'kamudzi ka alimi kumpoto kwa tauni ya Oshawa, kuno kudziko la azungu. Ndinagwirapo ganyu miyezi itatu, kukonza denga ndi khonde. Pamwamba pa chitseko analembapo kuti positi ofesi. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, koma mawu amenewo ndimawadziwa.

Nthawi imeneyo ndinkadikira kalata ya boma yondiuza tsiku lokaonekera pa nkhani yanga yokhala m'dziko muno. Ukaphonya tsikulo, nkhani ikhoza kutsekedwa, iwe n'kubwezedwa kwanu. Ku Oshawa ndinali nditasamuka katatu chaka chimodzi, zipinda zapansi zokhazokha, makalata a anthu asanu m'bokosi limodzi. Sindinkalikhulupirira bokosi lotero. Kwathu ku Ntcheu munthu salemba nyumba yake. Amalemba keyala ya sukulu, ya tchalitchi, kapena ya positi, kalata n'kumadikira mwini wake ngakhale miyezi iwiri. Bambo anga ali ku Joni tinkalandira choncho. Ndiye pa fomu ndinalemba keyala ya nyumba imeneyi. Sindinafunse munthu.

Ganyu inatha, kuzizira kunayamba. Ndinabwera kawiri, ndinapeza pokhoma. Ndinati mwina ali pa tchuthi. Kunyumba chakudya chinasiya kulowa. Ulendo wachitatu ndi uwu, ndinapeza potsegula.

Mayiyo anali mzungu wokalamba, wa magalasi olendewera pachingwe. Ndinamufotokozera m'Chingerezi changa chothyokathyoka. Anakhala pansi.

"Bambo, positi ino inatsekedwa agogo anga ali mtsikana. Pano timangosungirapo zakale. Eni ake a makalata mwagwirawo anamwalira onse."

Ndinayang'ana imene inali m'manja mwanga. Pepala lofiirira, lolembedwa ndi inki yotuwa.

Kaya anafuna kunditonthoza, kaya ndi chizolowezi cha ntchito yake, anayamba kundiuza za kale. Akuti makalata ankabwera pa hatchi kamodzi pa sabata, msewu uli matope okhaokha. Mwini golosale ndiye ankawasunga m'dirowa. Mlimi ankayenda tsiku lathunthu kudzafunsa, nthawi zina n'kubwerera chimanjamanja. Makalata osatengedwa, mayina a eni ake ankawalemba m'nyuzipepala.

"Ndiye ankasunga," ndinatero.

"Ankasunga."

"Nanga yanga ili kuti?"

Anavala magalasi, n'kuwavulanso. Kenako anayang'ana pawindo.

"Kumsewu kuli bokosi. Mumangobwera mapepala otsatsa malonda. Chiyambire kuzizira sitinalitsegule."

Bokosilo silinkaoneka n'komwe. Galimoto yokankha chipale chofewa mumsewu inali italikwirira ndi chipalecho. Anandipatsa fosholo. Ndinakumba osapuma, thukuta likutuluka m'kati mwa jekete, zala zitauma. Iye anaima kumbuyo kwanga atadzikumbatira. Kachitseko ka bokosi kanali katagwirana ndi chisanu. Ndinakamenya ndi mpini kawiri, kachitatu kanatseguka.

Mapepala anali atamatana ngati njerwa. Ndinayamba kuwamatula limodzilimodzi. Zotsatsa matayala, zotsatsa mbewu, za chakudya cha agalu. Chapakati panali envulopu yakhaki. Dzina langa, pansi pake keyala ija, monga ndinalembera ine mwini.

Ndinalephera kuing'amba. Ndinamupatsa.

"Werengani."

Anaitsegula pang'onopang'ono kuti pepala lonyowalo lisang'ambike. Milomo inkayenda koma mawu osatuluka. Ndinkangoyang'ana chala chake chikutsika. Chinaima.

"Tsiku," ndinatero.

"Lachinayi."

"Likubwerali?"

 Tsikulo linali Lolemba.

"Lapitali, bambo."

Pamsewu panadutsa thirakitala, woyendetsa anatikwezera dzanja. Mayiyo anayamba kulankhula mofulumira. Akuti tilowe m'nyumba, tiimbe foni lero lomwe. Akuti iye alemba kalata yochitira umboni kuti bokosi linakwiririka. Akuti mwana wake amadziwana ndi loya. Akuti ndimwe kaye tiyi.

Ndinatenga pepalalo m'manja mwake, ndinalipinda kanayi n'kuliika m'thumba la malaya, pachifuwa. Mapepala a malonda aja ndinawabwezera m'bokosi, ndinatseka. Fosholo ndinakaitsamiritsa pakhonde limene ndinakhoma ndekha, pansi pa mawu aja.

Anandiitana kawiri. Ndinalowa mumsewu wopita ku Oshawa, wapansi.